Makala m'Chikuta

Saida, mwana wanga, anachira mu Juni, chaka chomwe mphepo inkalowa mpaka m'mafupa. Mwamuna wake anali ku Joni. Ku chipatala Saida sanapite, chifukwa khadi lake la chipani linali la chaka chatha ndipo anyamata a chipani ankaima pamsewu wa ku Ulongwe. Anachirira pakhomo, mwana wamwamuna.

Pamudzipo ine ndinali mkamwini. Sofia, mkazi wanga, atamwalira ndinayenera kubwerera kwathu ku Utale. Sindinapite. Nyumba ya malata ndinamanga ndine ndi ndalama za ku mgodi ku Joni, ya mawindo a galasi, pansi pa simenti. Amayi a pamudzipo anaisandutsa chikuta. Ine ndinasamukira m'khitchini, poti mwamuna salowa m'chikuta mchombo wa mwana usanagwe.

Woyang'anira anali Abiti Sidik, mkulu wake wa Sofia. M'mawa wina ndinawaona atanyamula mbaula, makala ali psu.

"Alamu, makala ayi," ndinatero.

"Mwadzuka bwanji kaye? Kapena moni munausiya ku mgodi?"

"Ndadzuka. Makala ayi."

"Nkhuni zimatsokomoletsa mwana. Makala alibe utsi. Inu mwaberekapo angati, alamu?"

"Tsegulani windo."

"Kuti mphepo imulowe paliwombo? Kasemeni mipini yanu uko."

Analowa, natseka. Ndinamva akutsendera chiguduli kunsi kwa chitseko. Timabowo ta mpweya pamwamba pa windo anali atatimata kale ndi dothi.

Sofia tinamupeza m'chipinda chomwecho, masana, nyengo ngati yomweyi. Anangogona kuti mutu upole, mbaula pambali. Nkhuku yofungatira pakona nayonso inali itafa. Dokotala wa ku Kasupe anandiuza kuti makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha. Anati nyumba ya udzu imapuma, koma ya malata ndi simenti ukaitseka siipuma. Ndinawauza achibale a Sofia kamodzi. Iwo anali ndi zawo: kuti ndinabwera ndi chizimba kuchokera ku Joni, ndipo malatawo ankafuna munthu. Sindinabwerezenso.

Tsikulo ndinakhala pansi kunja, msana kukhoma la chipindacho, mpini m'manja. Za m'katimo ndinkazidziwa ndi kulira kwa mwana basi. M'mawa wonse analira mwamphamvu. Ku mzikiti ataitana swala ya masana sindinanyamuke. Kulira kuja kunayamba kuchepa, ngati kwa kamwana ka mbuzi kali kutali. Kenako zii.

Abiti Sidik anatuluka akudzandira, dzanja pamphumi. Anakhoma chitseko, namanga kiyi kunsonga ya chitenje. Anakasanza kuseri kwa nkhokwe.

"Malungo awa," anatero pobwerako. "Koma lero agona bwino, onse awiri."

Ndinagogoda pagalasi. "Saida." Ndinagogodanso. Sanayankhe.

"Kiyi, alamu."

"Mwapenga? Mukufuna mumusemphe mwana?"

"Kiyi."

"Iyayi."

Ndinatenga nkhwangwa, ndinaizika pa mahinjesi, ndinakanula. Abiti Sidik anakuwa, amayi anathamanga kuchokera m'makomo mwawo. Palibe anandigwira, chifukwa cha nkhwangwayo.

M'katimo munali mofunda bwino. Simunkanunkha kanthu. Saida anali chagada pamkeka, masaya ofiira ngati wangosamba kumene. Ndinamukokera pabwalo ngati thumba la chimanga, ndinabwerera kukatenga mwana, ndinamusiya m'manja mwa amayi. Mbaula ndinaikankha ndi phazi mpaka kudzala.

Saida anatsitsimuka mochedwa, nasanza, nafunsa kuti ali kuti. Mwana ankapuma pang'ono pang'ono. Ndinati timutengere ku chipatala panjinga. Amayi anati khanda la m'chikuta silidutsa pamphambano. Tikulimbana choncho, dzuwa lisanalowe, mwana anasiya kupuma. Anali asanamutchule dzina. Anakamuika amayi okha, popanda kulira.

Kutacha kunabwera che Sufiyani, mlongo wake wa Sofia, mwinimbumba. Anakhala pampando wanga. Ine ndinakhala pansi.

"Che Amidu, mwana anali wamoyo inu musanalowe."

"Anali."

"Mwamuna kulowa m'chikuta, nkhwangwa m'manja. Kwanu ku Utale mumatero?"

"Iyayi."

"Ndiye mukuti chiyani?"

"Makala."

"Mkazi makala, mdzukulu makala. Mlongo wanga uyu wakhala m'chipinda chomwecho, si uyu ali apa? Ife tonse timaotha makala omwewo. Bwanji sitifa?"

"Nyumba zanu ndi za udzu."

"Mwamva? Akutinyoza umphawi tsopano," anatero Abiti Sidik.

Che Sufiyani anati ndichoke tsiku lomwelo. Nyumba itsala, chifukwa ili pa dothi lawo, ndipo Saida azigonamo mpaka mwamuna wake abwere. Ndinavomera. Ndinafunsa ngati mbaula adzalowetsamonso.

"Mukufuna nayenso afe ndi chibayo?" anayankha Abiti Sidik.

Ndinamanga zovala zanga m'thumba. Kenako ndinazungulira nyumba ndi mpeni, ndinachotsa magalasi onse a m'mawindo, ndinawakulunga m'chiguduli. Chitseko ndinachimanga panjinga ndi luzi.

"Taonani mfiti yakuba chitseko," wina anatero. Ana anaseka.

"Chitseko mukupita nacho kuti?" anafunsa che Sufiyani.

"Ndinagula ndine."

"Ndiye mwana wanu azitseka ndi chiyani?"

"Mphasa."

Saida anali gone pakhonde, nkhope kukhoma. Ndinaima pafupi naye. Sanatembenuke.

"Ababa, muno muzizizira," anatero.

"Muzizizira."

"Akuti ndinu munamupha."

"Ndamva."

"Ine sindikukumbuka kanthu. Mutu wokha."

Ndinamasula thumba, ndinatulutsa bulangete langa la ku Joni, ndinamufunditsa pamwamba pa lakelo. Sanalikankhe.

Njinga sinakwereke ndi chitseko chija. Ndinaikankha mpaka ku Utale.