Tambala wa Dewey

Chaka chimene mwana wa malemu Haskell anagulitsa malo a bambo ake kwa anthu a ku St. Louis, Orval Pruitt anatsala wopanda kosaka. Pageti pomwe iye ndi mnzake Dewey ankalowera chiyambire unyamata wawo panaikidwa loko ndi chikwangwani choletsa. Nkhukundembo zakutchire zinali zikadalira m'zigwa zija, koma tsopano zinkalirira anthu osatha n'komwe kusiyanitsa tambala ndi thadzi.

Zikanakhala za iye yekha, Orval akanangotukwana n'kukhala pansi. Koma panali Dewey. M'nyengo yachisanu Dewey anadwala sitiroko, mwendo ndi dzanja lamanzere n'kufooka, ndipo mwana wake Charlene anali atagamula kale kuti mu Meyi awatenga bambo akewo akakhale nawo ku Kansas City. Atam'chonderera kwambiri, Charlene anawalola kukasaka m'mawa umodzi wokha, Lolemba lotsegulira nyengo yosaka mu Epulo.

"Undipezere tambala wapafupi ndi msewu, aise," anatero Dewey ali pakhonde, bulangete m'miyendo. "Waulesi ngati ine. Zokwera mapiri ndatula pansi."

"Ufuna ndikam'mangirire pamtengo?"

"Ukam'manga usandiuze. Koma kabokosi kako kaja ukasiye kunyumba, wamva? Ndimakudziwa iwe, m'manja mumakuyabwa."

Kabokosiko kanali kamatabwa, kakakwechedwa ndi chivundikiro chake kamalira ngati thadzi lofuna mwamuna. Lamulo la kabokosi aliyense wa m'mapiri a Ozark amalidziwa: pofufuza malo, nyengo isanatsegulidwe, umapita ndi makutu basi. Ukhoza kulira ngati kadzidzi kuti tambala akuyankhe ali mumtengo, koma thadzi suliliza. Tambala akabwera n'kupeza munthu m'malo mwa mkazi, wam'phunzitsa, ndipo wophunzira ameneyo salephera mayeso.

Orval anayamba kuzungulira nkhalango ya boma, dera limene sanalipondepo. M'bandakucha uliwonse ankaimika pikapu yake pachitunda china, n'kutsika, n'kutchera khutu. Ankamva agalu a kutali, ankamva ng'ombe, tsiku lina anamva mnyamata wa m'tauni akuliza kabokosi ngati ali pamsika, ndipo anam'tukwana chamumtima mpaka kufika kunyumba. Komwe kunali atambala kunali kotsetsereka koti Dewey akanafika chogubuduka. Komwe kunali kosalala kunali mapazi a agwape okhaokha. Palesitilanti pamphambano, alenje anzake akamufunsa, ankayankha monga onse amayankhira, wamva kapena sanamve: "Kulibe kanthu chaka chino, ankhandwe anamaliza."

Malo anawapeza mwangozi, atasochera. Kumapeto kwa kamsewu kamiyala kunali munda wakale wongomera udzu, chumuni cha nyumba yakugwa chili chiimire pakati. Pansi pa mitengo masamba anali opalasidwa paliponse, ndipo panjira panali chitosi chopindika ngati mbedza, chomwe chimakhala cha tambala. M'mawa mwake anabwererako kusanache, nalira ngati kadzidzi. Yankho linachokera kutsidya kwa mundawo, lamphamvu loti analimva m'chifuwa. Orval anavula chipewa, nkhalamba yonseyo n'kumaseka yokha mumdima. Kuchoka pamsewu kufika pamtengo wabwino kukhalapo unali mtunda woti Dewey akanautha ndi ndodo yake.

Apa m'pomwe munthu wanzeru akanapita kunyumba n'kukadikira Lolemba. Koma Orval anali asanamuone tambalayo ndi maso, ndipo kamtima kanayamba kum'luma. Nanga atakhala kamwana ka chaka chatha, kandevu ka pachifuwa kosakwana chala? Dewey akalowe mumzinda atanyamula zimenezo? Umo ndi momwe ankadziuzira. Zoona zake n'zakuti ankangofuna kumuona. Kabokosi nako sikanali kunyumba ayi, kanali pansi pampando wa pikapu, pomwe kankakhala nthawi zonse.

Loweruka anakhala patsinde pa mtengo uja nakwecha pang'ono, kamodzi kokha. Tambala anam'dula mawu. Orval anakwechanso, ndipo mbuzi ikalawa mchere sigwirika. Dzuwa likungotuluka, tambala anatulukira m'mundamo atafufuma, mchira atautambasula, mapiko akukwekwera pansi. Anabwera ndithu, akufunafuna mkazi amene wakhala akumuitana, mpaka anaima poti munthu akanam'ponyera chipewa. Anasuzumira mbali iyi, anasuzumira inayo. Bondo la Orval linachita dzanzi, ndipo analisuntha pang'ono. Nthenga zonse zinagona nthawi yomweyo, khosi linatalika, diso linam'penya Orval ndi kabokosi kali m'manja. Tambala anangoti "put!" n'kuliyatsa liwiro.

Kunyumba mkazi wa Orval, Nadine, anam'yang'ana akukankhira mbale ya mazira kumbali.

"Mwatani inu? Wapita tambala wanuyo?"

"Alipo."

"Nanga nkhope yakumaliroyi?"

Orval anadzilimbitsa mtima kuti ubongo wa mbalame ndi wochepa ngati mtedza, pofika Lolemba ikhala itaiwala. Manyazi okha ndiwo sanam'choke, poti pa moyo wake wonse anali atanyoza anthu ambiri chifukwa cha chinthu chomwechi.

Lolemba anakam'tenga Dewey kukadali mdima. Charlene anaima pakhomo atavala chijasi.

"Amalume Orval, mundibwezere bambo anga amoyo. Akatopa mubwerere, musamvere zonena zawo."

"Lowa m'nyumba iwe, ukuthawitsa nyama," anatero Dewey.

Kuyenda kuchoka pamsewu kunatenga nthawi. Dewey ankakoka mwendo uja m'masamba, dzanja lili paphewa la Orval, akupumira m'mwamba, koma nkhope ikuwala ngati ya mwana wopita kuukwati. Orval anam'khazika pakhushoni patsinde paja, nam'yalira mfuti pabondo. Kukuyera, tambala analira, ndipo analirira patali kusiyana ndi kale. Dewey sanadziwe zimenezo. Anam'tsina mnzake pantchafu.

"Wamkulu ameneyo, aise. Mawuwo si akamwana."

Dewey sankagwiritsa ntchito kabokosi. Chake chinali kachidutswa ka sileti ndi kamtengo kokwechera, ndipo m'dera lonselo panalibe womuposa. Anagwira siletiyo ndi dzanja lofooka lija, nakwecha monong'ona. Tambala anayankha. Dewey anadikira nthawi yaitali, nakwechanso, ndipo yankho linamveka chapafupi. Mtima wa Orval unayamba kutsika. Mwina mtedza uja unaiwaladi.

Kenaka zala za Dewey zinakana. Sileti inapulumuka n'kugwera m'masamba. Anayesa kuitola, koma analephera.

"Landira iwe," ananong'oneza. "Ine ndigwire mfuti. Wayandikira, angofunika kum'nyengerera pang'ono."

"Bwera nayo siletiyo."

"Iwe sileti? Umailiza ngati chitseko chadzimbiri. Tulutsa kabokosi."

"Tingodikira, abwera yekha."

"Waima, ndikumumva ine. Tulutsa kabokosi, mdala iwe, lero ndiye tsiku lake!"

Orval anakatulutsa m'thumba. Anakwecha mofatsa kwambiri, akupemphera kuti kamveke mwina. Koma kabokosi kalikonse kali ndi mawu ake, ndipo kake kanali kosasa mawu kumapeto, koti ngakhale alenje anzake ankakazindikira ali kutsidya kwa chigwa.

Nkhalango inangoti zii. Anadikira. Dzuwa linakwera, linayamba kuwaotcha m'miyendo, mkono wa Dewey n'kutopa ndi mfuti. Patapita nthawi tambala analira kamodzi, kuseri kwa chitunda, kutali koti ngakhale wamiyendo iwiri yabwino sakanam'tsata.

Dewey anatsitsa mfuti, nachotsa zipolopolo pang'onopang'ono ndi dzanja limodzi. Anayang'ana kabokosi kali pamwendo pa Orval, anayang'ana munda uja, anayang'ananso kabokosi. Munthu amene wasaka nkhukundembo moyo wake wonse safunika kum'masulira. Tambala amene wayankha sileti m'mawa wonse n'kuthawa kabokosi, ndiye kuti kabokosiko amakadziwa.

Orval anadikira kutukwanidwa, ndipo ankakufuna. Akanakonda Dewey am'menye ndi ndodo ija. Koma Dewey anangopempha khofi. Orval anam'thirira m'chivundikiro cha fulasiki, nam'gwirira kuti asataye. Dewey anamwa, napukuta pakamwa, natsamira mtengo.

"Unakhala pomwe pano?"

"Pomwe pano."

"Anatulukira kuti?"

Orval analoza kuseri kwa chumuni. Maso ake anadzaza misozi, ndipo sanaibise.

Dewey anayang'ana komweko nthawi yaitali. Kenaka anatsinzina, nakonza mutu wake pakhungwa la mtengo.

"Chabwino," anatero. "Tandiuza mmene analili. Uyambire pomwe anatulukira, ndipo usafulumire."