Pomwe a Fackson Ankaimira

Chinyezi cha ku Thyolo sichiyang'ana nkhope. Chimadya nsapato pansi pa bedi, chimadya mabuku, ndipo chaka chimenecho chinafika pa chimbale cha DVD chimene mayi ake a Mildred ankasunga m'sutikesi.

Mildred anali kalaliki woyeza masamba a tiyi pa esiteti. Bambo ake, a Fackson, anali kapitawo pomwepo mpaka kumwalira kwawo. Kanema amene iwo ankaonekamo anali mmodzi yekhayo, wowajambula akuvina tchopa pa ukwati wina ku Khonjeni. Lamlungu lililonse akachoka kutchalitchi, mayi ake, a Sellah, ankatulutsa chimbalecho, kuchiuzira mpweya, n'kuchipukuta ndi nsonga ya chitenje ngati akukwecha mbale. Chikondi chimenecho n'chomwe chinachikandakanda. Chikafika pamene a Fackson akutembenuka, chinkajama. Bamboyo ankangoima pa TV, dzanja lili m'mwamba, mpaka wina atazimitsa.

Mwezi wa Juni chinayamba kujamanso koyambirira kwenikweni. Mildred anachita mantha, pozindikira kuti tsiku lina chidzakaniratu ndipo bambo ake sadzaonekanso.

"Amayi, ndipatseni chimbalechi ndikachikopere pa hadidiraivi. Ndi kabokosi kosungamo makanema, timangokalumikiza ku TV."

"Ukachitaya usadzabwerenso pakhomo pano," anatero a Sellah akuchikulunga m'mpango.

Mildred anabwereka laputopu kwa mphunzitsi wina wa pasukulu ya pa esiteti. Inakopera bwinobwino mpaka pakati, kenako inalira ngati chigayo chopanda chimanga, n'kusiya. Anayesa katatu. Anzake a kuofesi, amene sasowa nzeru pa zinthu za eni, anati apakepo mankhwala otsukira mano. Anapaka. Chimbale chinanunkhira bwino, koma kujama kunali komwe kuja.

Loweruka anakwera minibasi kupita ku Boma, kwa Jacob, bambo wobena nyimbo pa zimbale ndi kompyuta m'kashopu ka kuseri kwa msika. Jacob anachiyang'ana padzuwa n'kupukusa mutu.

"Asisi, ichi chinatha. Mumachitsuka ndi mchenga kapena?"

"Sindinabwere kudzafunsa ngati chinatha, achimwene. Ndamva kuti kompyuta yanu imatha kubwereza malo okandikawo mpaka itawawerenga."

"Imatha, koma ndi za tsiku lonse zimenezo."

"Tsiku lonse ndili nalo."

Anakhala pabenchi kuyambira mmawa, maso ali pa kamzere kobiriwira kamene kankakwawa pa kompyuta. Cha m'ma thili koloko magetsi anathima. Jacob anayamba kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma atayang'ana nkhope ya Mildred anaumeza mwambiwo usanathe. Loweruka linalo Mildred anafika Jacob asanatsegule n'komwe. Ulendo uno kamzere kaja kanaima nthawi yaitali pamalo ovuta paja, kenako kanasuntha, kanasunthanso, mpaka kumapeto. Mildred anatuluka panja kukapukuta maso, chifukwa sankafuna kulira pamaso pa mwamuna wa eni.

Lamlungu masana analumikiza kabokosiko ku TV ndi kumasipika, n'kuwakhazika mayi ake pampando wawo. Ng'oma zinamveka bwino kuposa kale. A Fackson analowa m'bwalo, zikopa zikugwedera kumsana. Anatembenuka, anakweza dzanja, n'kulitsitsa, n'kupitirira ndi gule wawo mpaka kulowa m'chigulu cha anzawo. Sanajame ngakhale pang'ono. Mildred anayang'ana mayi ake monyadira, kudikira kuti ayamikidwe.

A Sellah anaika manja pamiyendo.

"Abambo ako wawathamangitsiranji?"

"Sindinawathamangitse, amayi. Ndi mmene anavinira tsikulo. Kuima kuja kunali kuwonongeka kwa chimbale."

"Ine ndikudziwa mmene anavinira, ndinalipo. Ndinaima kumbuyo kwa wojambula uja, ndipo dzanja limenelo ankakwezera ine." Analoza pa TV. "Kale ankaima n'kumandiyang'ana mpaka ine nditakhutira. Pano angondidutsa."

Mildred zinamuwawa. Maloweruka awiri pabenchi ya Jacob, kukonza chinthu chimene mayi ake ankachikonda chili chowonongeka! Anatsala pang'ono kuyankha mokalipa, koma anaona mmene mayiwo ankafufuzira mwamuna wawo m'chigulu cha ovina chija, ndipo mkwiyo unamuthera.

Anatenga rimoti, n'kubweza kanemayo m'mbuyo. Kenako anagwada pafupi ndi mpando, anaika rimotiyo m'manja mwa mayi ake, n'kugwira chala chawo chachikulu kuchiika pa kabatani ka timizere tiwiri.

"Akakweza dzanja, mudine apa. Sachoka mpaka inuyo mutawalola."

Ng'oma zinayambiranso. A Fackson anatembenuka, dzanja linakwera, a Sellah anadina. Bamboyo anaima, akuyang'ana m'chipindamo.

"Eya," anatero a Sellah, chala chili pabatani pomwepo. "Tsopano pita ukatereke tiyi, utisiye kaye."