Mzere wa Mlendo

"Taona wekha, mitengo yatha iyi," anatero mwana wamkulu wa malemu, akugwedeza nthambi ya paini. Tiagulugufe totuwa, tochepa ngati chikhadabo, tinabalalika. Mbozi zake zinali zitadya masamba owonda aja mpaka nsonga zonse kufiira.

Anali masiku anayi okha chiikire maliro, koma iye anali atabwera kale ndi wogula malo, yemwe ankadikira m'galimoto kumsewu. Munthu woti chikanganirane ndi bambo ake sanapondeko pakhomo zaka zisanu ndi chimodzi, lero ndiye katswiri wa mitengo.

"Achimwene, mankhwala alipo, tipopera," anatero mlongo wake.

"Apopere ndani? Iwe mawa ukubwerera kuntchito. Tigulitse, amayi akakhale kwathu."

"Amayiwo mwawafunsa?"

Sanawafunse. Chinamuwawa kwambiri mtsikanayo n'chakuti mchimwene wakeyo sankanama. Malemu ankakana mankhwala poopa kupha njuchi za aneba, mbozi ankachita kutola ndi manja m'mawa uliwonse. Liuma limenelo ndi lomwe linawasiyira munda wofiirawu.

Mayi awo, omwe anali pomwepo, anamukoka malaya mwana wamwamunayo. "Tabwera kuno."

Anapita naye kumzere wa kumapeto. Kumwamba mitengoyo inali yofiira ngati inzake, koma nthambi za m'munsi zinali zobiriwira, zosadyedwa. Pafupi ndi mtengo uliwonse panali timaenje tinayi m'dothi.

"Ndi miyendo ya mpando imeneyo," anatero mayiwo. "Bambo ako atayamba kulephera kuima, ndinkawanyamulira mpando. Ankatola pomwe mkono wafika. Mizere inayo anaisiya, koma uwu ayi."

"Uwu uli ndi chiyani?"

"Mdzukulu aliyense ali ndi mzere wake. Uwu anadzala tsiku lomwe tinamva kwa anthu kuti mkazi wako wabereka mwana wamkazi. Dzina sunatiuze, ndiye ankangoti mzere wa mlendo."

Kumsewu wogula uja analiza hutala kawiri.

"Achimwene, mlendo wanu watopa," anatero mlongo wake, ukali usanamuthere.

Iye sanacheuke. Ananjuta pakati pa timaenje tija, natambasula mkono. Unafika pomwe pankathera masamba obiriwira. Anadzuka pang'ono, nakoka nthambi yotsatira, n'kuyamba kutola.