Mbale Yosefera ya Azakhali a Yap

Ine ndimayimba erhu, kaligo wathu wa zingwe ziwiri, m'gulu la oyimba la mumzinda wa Ipoh. Chaka china mtsogoleri wathu, Aphunzitsi a Foong, adapeka nyimbo yaitali yoti ng'oma zizitsogola, ife tonse tizizipolokozera. Adaipeka kuchokera m'ndakatulo za Mayi Yap Swee Lan, amene adakulira m'madzi a mtsinje wa Kinta akusefa mchenga kuti apeze tini, chitsulo chopangira zitini, ndipo adayamba kulemba atakalamba, kuseri kwa mapepala a kalendala.

Woyimba ng'oma anali Kar Mun, mtsikana wamanja achangu. Pakati pa nyimboyo ankasiya ng'oma zonse n'kunyamula dulang, mbale yaikulu yamtengo yosefera, n'kumagwedeza timiyala m'menemo.

Loweruka lina masana tikuyeserera, mayi aja adabwera kudzamvera. Adakhala phee mpaka tidafika pambale paja. Apo adagogoda pansi ndi ambulera yawo.

"Iwe mwana, ukukazinga mtedza kapena?"

Tonse tidafa nacho chiseko. Kar Mun adagwira pakamwa.

"Azakhali, ndi mmene adalembera Aphunzitsiwa."

"Aphunzitsi akowo adalowapo m'madzi? Taona kuwala kwa nsapato zawozo."

A Foong adavula magalasi. "Tiphunzitseni, Azakhali."

Mayi aja tidawakweza pansanja, anthu awiri uku ndi uku. Adati mbale youma siyankhula, choncho aliyense adakhuthuliramo madzi a m'botolo mwake. Kenaka adatangadza miyendo, n'kuwerama. Manja sankayenda n'komwe. Chinkayenda n'chiuno, pang'onopang'ono, madzi n'kumazungulira, timiyala tikukhukhuluzika pansi, shwaa, n'kupuma, shwaa. Munthu uja tidachita kumunyamula pamakwerero sankagwedera ngakhale pang'ono.

Adayamba kutchula mayina, dzina limodzi pa kuzungulira kulikonse. Ah Kiew. Siew Thai. Ah Ngan wamng'ono. Anali amayi amene ankasefa nawo limodzi.

Palibe adauza mnzake chochita. Kar Mun adapita pang'oma yaikulu n'kuyamba kuisisita ndi zikhatho, kutsatira chiuno cha mayi aja. A Foong adakweza chala chimodzi, zitoliro zidalowa chapansipansi, kenaka zingwe zonse. Ine nyimboyo ndidali nditaiyimba miyezi iwiri, koma tsikulo ndidamva mtsinje ukudutsa m'holomo, amayi ali ndondondo m'madzi ofika m'mawondo, dzuwa likuwaswa pamsana. Uta wanga udangoyima m'mwamba. Mnzanga wapambali adachita kundigunda ndi chigongono kuti ndilowe.

Adatchula mayina khumi ndi anayi n'kuleka. Ife tidalekanso. M'holomo munkangomveka madzi akudontha pamatabwa.

"Msana," adatero mayi aja. "Ndipatseni mpando."

A Foong adalembanso gawo lonselo m'masiku atatu. Kar Mun ankapita kwa Azakhali mmawa uliwonse kukasefa m'beseni kuseri kwa nyumba, n'kumabwerako akudandaula chiuno. Tidawapempha kuti patsiku lenilenilo adzakwere okha pansanja, koma adakana.

"Ndidasefa zaka makumi atatu. Pano asefe wina, ine ndionerere."

Tsikulo litafika adakhala kutsogolo, pakati pa anthu mazana asanu ndi atatu. Kar Mun atawerama ndi mbale n'kuyamba kuitana mayina, kumbuyo kwa holo bambo wina wa imvi adadzuka pa dzina lachisanu ndi chimodzi, n'kuyimirira mpaka nyimbo idatha.