Galu Wosiya Msanga

Ntchito yanga ndi yolumidwa. Ndimavala mkono wachiguduli, wokhuthala ngati mtsamiro, agalu a mpikisano n'kumandithamangira kudzaluma pamenepo. Ndachita zimenezi zaka zoposa makumi awiri. Phewa lakumanzere linatopa kalekale, mwiniwakene ndatopanso.

Lamulo la mpikisano ndi losavuta: galu alume, agwiritsitse, asiye pokhapokha mbuye wake atanena kuti "siya". Mphezi, galu wa alamu anga, ankasiya msanga. Anali atalephera kawiri pa chifukwa chimenechi, ndipo tsiku limenelo alamu anafika pabwalo lophunzitsira atamanga kale mfundo.

"Akasiyanso lero, mawa ndikam'pereka ku kampani ya alonda. Azikakhala pa tcheni kuseri kwa nyumba yosungira katundu."

"Alamu, galuyu alibe vuto. Khosi mwam'koka mokwanira. Tayesaniko mpira, kapena kanyama."

"Galu wa ziphuphu ine ayi," anatero, uku akum'manga unyolo waminga m'khosi.

Nkhani imeneyi tinakangana nayo zaka zambiri, mpaka mlongo wanga analetsa kuitchula pa nthawi ya chakudya.

Ndinaima pakati pa bwalo n'kukweza ndodo yoopsezera galu. Mphezi anabwera ndi liwiro lonse, n'kudzaza kamwa. Anagwira bwino, ndinazimva mpaka m'fupa. Kenako alamu anakoka mpweya, monga amachitira nthawi zonse asanakalipe ndi kugwedeza chingwe. Mawu asanatuluke, mano anali atamasuka kale.

Apa m'pamene ndinazindikira. Galuyu sankadikira mawu. Ankathawa ululu umene unkatsatira mpweya uja.

"Mwadzionera nokha," alamu anatero. "Basi, zatha."

"Tiyesenso kamodzi kokha. Chingwecho muchiponye pansi, pakamwa mutseke."

Anang'ung'udza, koma anachita.

Mphezi analuma kachiwiri. Ndinam'lola alimbane nane pang'ono, kenako ndinavula mkono uja n'kum'siyira kuti apite nawo ngati wopambana. Agalu ena ukawachitira zimenezi amazungulira bwalo lonse mchira uli m'mwamba. Mphezi anangoima, chiguduli chili kukamwa. Kenako anachiika pansi bwinobwino, n'kukwawira kumapazi kwa alamu, n'kutambasula khosi kudikira chilango.

Ndinamva chisoni, ndiponso manyazi, poti nthawi yonseyi mkono umene ankalangidwirapo unali wanga.

Alamu anawerama. Anachotsa unyolo waminga uja, n'kukoleka chingwe pa lamba wamba.

"Mutengeni inuyo, alamu. Kwa alonda sapita. Koma ine ndilibenso choti ndim'phunzitse."

Pa msinkhu wangawu sindinkafuna galu wina. Kuongola mtengo n'poyamba, ndipo Mphezi anali ndi zaka zinayi. Komabe chingwecho ndinachilandira.

Ndinamuitana mokoma, osasuntha. Ndinatulutsa mpira, osauyang'ana. Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa kachiwindi kouma, koma sanakanunkhize n'komwe. Maso ake anali pa nsapato za alamu. Ndinagwada n'kumamunyengerera mpaka mawondo anayamba kuwawa, thukuta lili chuchuchu m'kati mwa zovala zanga zolemera za pantchito. Alamu anatembenuka n'kumayang'ana kumpanda.

Mapeto ake, chifukwa cha kutopa, ndinagwedeza chingwe kamodzi, mwamphamvu.

Anadzuka nthawi yomweyo n'kuyamba kunditsatira.