Tsiku Limene Inhela Inakana Kugwira

Ine ndi achimwene timagwira ntchito m'chipinda chimodzi. Iwo amameta abambo chakukhomo, ine ndimaluka amayi chakumkati. Mphumu anayamba nayo ali mwana. Inhela yawo yabuluu, yopopera mankhwala a mphumu, inkakhala m'thumba la malaya pamodzi ndi chipeso, ndipo chifuwa chikayamba kulira ankatembenukira kukhoma, kupopera kawiri mkamwa, n'kubwerera pamutu wa munthu.

Mwezi umene amisiri anayamba kugwetsa nyumba yoyandikana nafe, fumbi linkalowa ngakhale titatseka mawindo. Ndinkamva inhela ija ikulira kasanu dzuwa lisanafike paliwombo. Kenako ndinaona manja awo akunjenjemera. Bambo athu anadwala matenda onjenjemera manja mpaka tinkachita kuwamwetsa madzi, choncho ndinaopa kuti nawonso ayamba matendawo. Achimwene nawonso ankadziwa kuti ndaona. Palibe anayamba nkhaniyo.

Lachinayi masana ankameta ndevu mphunzitsi wina, kasitomala wawo wakalekale. Lezala inali pakhosi.

"Akulu, lero mukundimeta kapena mukundizinga?" anatero mphunzitsiyo, n'kuseka yekha.

Achimwene anaika lezala pansi n'kugwira mpando ndi manja onse awiri. Mapewa ankakwera ndi kutsika. Anapopera, n'kudikira. Anapoperanso.

"Achimwene, mwapopera kangati lero?" ndinafunsa.

Mawu ankatuluka odukaduka. "Siku... gwira."

Kenako mluzu wa m'chifuwa unasiya. Ndinayamba kuganiza kuti apeza bwino, koma nditayang'ana milomo ndinaona kuti yachita mbuu, ndipo thukuta linkadontha pachibwano. Mphunzitsi anathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto, thovu lili patsaya limodzi. Mayi amene ndinkamuluka ndinamusiya theka la mutu lili nyankhalala.

M'galimoto achimwene anakana kutsamira. Anawerama, zala zitakanirira mpando wakutsogolo, maso ali pa ine ngati ndabisa mpweya penapake. Ndinkangoti, "Tafika, achimwene, tafika," tili kutali.

Kuchipatala namwino anangowayang'ana kamodzi n'kuwadutsitsa pamzere. Anawaveka chophimba mphuno ndi pakamwa chotulutsa nkhungu ya mankhwala, n'kuwabaya jekeseni pamkono. Ndinaima pakona nditafumbata inhela ija. Patapita nthawi, chifuwa chinayambanso kulira.

"Mayi, akuipiraipira," ndinatero.

"Ayi, chemwali. Kulirako ndiye kuti mpweya wayambanso kudutsa. Choopsa ndi chifuwa chimene chakhala zii."

Achimwene atayamba kulankhula mawu athunthu, namwino anatenga inhela m'manja mwanga n'kuigwedeza.

"Bambo, imeneyi imakutherani masiku angati?"

"Masiku ano, sabata ziwiri."

Namwino anapukusa mutu. "Ntchito yake ndi kumasula minofu imene imafinya timapaipi ta mpweya. Imatsegula msanga, n'chifukwa chake mumaikonda. Koma mkati mwa timapaipimo mumatupanso, mumadzaza makhololo, ndipo kutupako iyi siichotsa. Mukaona kuti mukuifuna pafupipafupi, thupi likukuuzani kuti mubwere kuno, osati muwonjezere kupopera."

Anati adokotala awalembera inhela ina yoletsa kutupako, yopopera m'mawa ndi madzulo ngakhale ali bwinobwino, n'kumachukucha mkamwa akamaliza.

Ndinalimba mtima. "Nanga manjawa? Bambo athu anayamba chonchi."

Achimwene anatseka maso.

"Anayamba liti kunjenjemera?" anafunsa namwino.

"Mwezi womwe uno," ndinayankha.

"Mwezi umene achulukitsa kupopera," anatero namwino. "Mankhwalawa sathera m'chifuwa mokha. Akachuluka amanjenjemeretsa manja, mtima n'kumathamanga. Adokotala awapima kuti titsimikize, koma ine ndikukayikira inhelayi."

Achimwene anakweza dzanja lamanja n'kuliyang'ana nthawi yaitali. "Ndimaganiza kuti ndayamba ulendo wa bambo," anatero chapansipansi. "Ndikaganiza zimenezo chifuwa chimathina, ndiye ndimapoperanso."

Ndinangowakonzera pilo.

Anagona m'chipatala masiku atatu, ndipo potuluka manja anali atayamba kukhazikika. Adokotala anawaletsa kubwerera kuntchito mpaka amisiri aja atamaliza, choncho panopa ndimatsegula ndekha. Alamu anga, akazi a achimwene, amandiimbira masana aliwonse kundiuza mmene akupezera. Amati ali bwino, akudya, akuvuta kale kuti akufuna makina awo ometera. Komabe foni ikalira ndili pamutu wa munthu, zala zanga zimayamba zaima kaye ndisanaitenge.