Mipope Iwiri pa Phewa Limodzi

Ku Myrbacken kunalibe munthu amene sankadziwa kulira kwa mfuti za madala awiri aja. Loweruka m'mawa kukamveka "thwa!" kouma kuchokera kuphiri, anthu ankati, "Ameneyo ndi Valter, watsitsa nkhwali yakuda pansonga ya mtengo." Kukamveka "phuu!" kwa mawu aakulu, ankati, "Koma uyo ndi Sixten, nkhandwe ina yaona zakuda."

Mfuti ya Valter inali ya chipolopolo chimodzi, yofika kutali. Ya Sixten inali chifefe, chomwaza tinjere ta mtovu, chothandiza zinthu zikavumbuluka pafupi. Tsono nkhalango simuuza munthu chimene yakonza tsikulo. Mwina mbalame zikhala phee pamwamba pa mtengo wakutali, mwina nkhandwe ingotulukira pamapazi pako. Nchifukwa chake ankayenda awiri, wina kutsogolo wina pambuyo, pa matabwa awo otsetserekera pachipale chofewa, kuyambira tsitsi lawo lili bii mpaka kuchita mbuu. Valter ankakonda kunena kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo ankanena kawirikawiri moti zinkatopetsa.

Awiriwa anali pachilamu. Sixten anakwatira Gunvor, mlongo wake wa Valter. Gunvor atamwalira, nyumba inamukulira Sixten, masiku onse nkumafanana. Limene linatsala ndi mchere linali Loweruka lokha, ndipo iye ankalidikira ngati mwana wodikira amake kuchokera kumsika.

Panali kanthu kamodzi kamene ankakadziwa awiri okha. Nyengo yozizira yapitayo, akukwera chitunda, chifuwa chinamuthina Sixten, miyendo nkulefuka, iye nkugwa chafufumimba m'chipale. Valter anamukoka pa matabwa mpaka kugalimoto, thukuta lili kamukamu. Mpweya utabwerera, Sixten anagwira mlamu wake dzanja.

"Alamu, izi asamve munthu. Akamva ana anga andilanda mfuti."

"Zafera pompano," anatero Valter. "Ine ndi inu tidzasiya tsiku limodzi."

Sixten anapita kuchipatala mwakachetechete, anayamba kumwa mapiritsi ake, nkhaniyo nkuiiwala. Iye ankakhulupirira mawu a mlamu wake kuposa a dokotala.

Masamba atayamba kufiira, Valter anabwera kudzamwa khofi. Anazungulirazungulira, za nyengo, za msewu, kenaka anafika pamfundo.

"Mawa mundiperekeze ku Lycksele. Ndikufuna mfuti zija za mipope iwiri, wapamwamba wa chifefe, wapansi wa chipolopolo. Za chifefe ine ndine mbuli, katswiri ndinu."

"Lero mwavomera? Ikagwa mvula usiku uno ndidziwa chifukwa chake," anaseka Sixten. "Ndi ya Tuva eti?"

Tuva anali mdzukulu wa Valter, ndipo anali atangokhoza kumene mayeso a ulenje. Valter anayang'ana m'kapu mwake.

"Mwana uja wakuladi," anayankha.

Sixten sanafunsenso. Mumtima anali atayamba kale kuona mizere itatu pachipale m'malo mwa iwiri.

M'sitolo ya mfuti munkanunkhira mafuta ndi zikopa. Mwini sitoloyo, mnyamata wandevu zofiira amene pakamwa pake sipankatsekeka, anayala mfuti zingapo patebulo. Apa ndiye Sixten anali ngati nsomba m'madzi. Ya mipope itatu anangoinyamula nkuibweza.

"Iyi ndi ya anthu osaka atakhala pampando. Ukayenda nayo mpaka masana phewa likutukwana."

Ina anaikana chifukwa inali ndi kachitsulo kokhethemulira kamodzi kokha, kofuna kusintha kaye ndi chala chachikulu.

"Nkhandwe sidikira kuti munthu asankhe mpope. Tizitsulo tikhale tiwiri, chala chizidziwa chokha kopita, ngakhale chitavala magolovesi."

Anatenga ziwiri zimene zinamusangalatsa, onse atatu nkupita kuseri kwa sitolo kumene kunali poyesera mfuti. Yoyamba, chipolopolo chinkapita kwina, tinjere kwina. Sixten anati imeneyo ndi banja losagwirizana. Yachiwiri inaika zonse pamalo amodzi, ndipo mpope wa chifefe utalira, iye anamwetulira mpaka mano a kumapeto.

"Mwaimva, alamu? Ikulira ndendende ngati yanga. Tengani imeneyi, musayang'anenso ina."

Valter anangogwedeza mutu. Tsiku lonselo sankalankhula zambiri, koma Sixten ankayesa kuti ndi ulemu wa munthu amene akuphunzira.

Atabwerera m'kati, Sixten anasisita thabwa la paphewa la mfutiyo.

"Koma ili mulidule pang'ono. Mtsikanayo mikono yake ndi yaifupi."

"Mtsikana uti?" anafunsa mwini sitolo. "Mkono wa a Valter tinauyeza kale mwezi watha, thabwali ndi la msinkhu wawo. Iwowa tsopano aziyenda okha, nchifukwa chake akufuna zonse paphewa limodzi. Mnzawo amene ankanyamula chifefe uja wapuma. Akuti anagwa m'chipale chaka chatha, iwowa nkuchita kumukoka ngati thumba la mbatata. Mtima si chinthu chosewera nacho, bambo. Mwina mumamudziwa?"

Valter anali kuwerenga zolembedwa pa kabokosi ka zipolopolo ngati muli uthenga wochokera kumwamba. Chimene chinamupweteka Sixten kwambiri si mawu a thumba la mbatata, koma kuti tsiku lonse anakhala akuvina yekha, mnzake akumuonerera.

"Ndimamudziwa," anatero Sixten, akuika mfutiyo patebulo pang'onopang'ono. "Koma zoti wapuma sanandiuze."

Pobwerera anayenda mtunda wautali. Kenaka Valter anayamba kulankhula, maso ali pamsewu.

"Ndimafuna ndikuuzeni, alamu."

"Liti? Ndili m'manda?"

"Inu simunadzione tsiku lija. Milomo inachita kuda. Ine ndinakukokani ndikupemphera, munthu woti kutchalitchi ndinasiya kalekale. Mpaka lero ndimalota. Mukadzandifera m'manja kuphiri kuja, Gunvor ndidzakamuuza chiyani?"

"Mkazi wanga mumusiye agone. Iye akanandiuza pamaso. Akanati, ‘Sixten, wakalamba, khala pansi.’ Ndikanakwiya sabata imodzi, basi. Koma inu mwauza mnyamata wogulitsa mfuti. Winanso ndani?"

Sixten sanadikire yankho.

"Ndiye mwanditenga pagalimoto, mwandigulira khofi ndi bani panjira, kuti ndikadzisemere ndekha bokosi. Ine nkusankhadi matabwa abwino!"

"Ndimafuna mfuti yabwino, ndipo wodziwa chifefe ndinu nokha."

"Nanga chala chimodzi chija? Chayamba liti kuswa nsabwe?"

Atafika pageti, Sixten anatsika osatsanzika.

Masabata anadutsa osaonana. Koma mtima wa munthu ndi wopusa. Chipale choyamba chitagwa, Loweruka m'mawa, Sixten anadzuka nthawi yake yakale. Anathira khofi m'fulasiki, anavala malaya ake aubweya, anatsamiritsa chifefe pafupi ndi chitseko. Anadziuza kuti akungofuna kuchipukuta. Galimoto ya Valter anaimva ikubwera, poti kulira kwake ankakudziwa. Inafika pageti, inachepetsa liwiro pang'ono, kenaka inapitirira.

Anakhala pakhonde atavala choncho mpaka dzuwa linatuluka. Kuphiri kunamveka "thwa!" Patapita nthawi kunamvekanso "phuu!" Anamva mawu ake enieni akuchokera m'nkhalango, iye mwini ali khale pakhonde, manja ali m'thumba.

Madzulo ake anatsikira kukasitolo ka m'mudzi kukagula mkaka. Pakhomo anakumana ndi Majvor, mayi woyandikana naye nyumba, atanyamula zikwama ziwiri.

"A Sixten! Ndakumvanitu m'mawa. Ndinauza bambo kunyumba kuti tamverani, madala aja akadali limodzi. Anthu amanena zoti mukudwala, ine ndinati bodza, munthu wodwala saombera choncho. Yagwa nkhandweyo?"

Sixten anayang'ana kuphiri, kumene mdima unali utayamba kale kutsika.

"Inalira bwino?" anafunsa.

"Ngati masiku onse," anatero Majvor, akusintha zikwama m'manja. "Mfuti yanu ija ine sindingaisokoneze ndi ya munthu wina."